Ndani mwini wa timadontho ta pa sikirini ya foni?

Pa 13 Seputembala 2012, ofesi ya boma la America yoona za mapatenti ya USPTO, yomwe likulu lake lili ku Alexandria m'chigawo cha Virginia, inalandira pempho lochokera ku kampani ya Samsung Display ya ku South Korea. Chaka chimenecho ofesiyi inalandira mapempho oposa 500,000, ndipo ili silinali loti munthu n'kuimikira ntchito. Munalibe makina achilendo kapena mankhwala atsopano. Phata lake linali chojambula choti mwana wa Sitandade 5 akhoza kukopera ndi rula: bokosi la mbali zinayi zofanana, kadontho kobiriwira pakati, ndipo m'makona mwake timadontho tokulirapo, tabuluu ndi tofiira, tokhala mosinthana. Bokosilo silioneka n'komwe pa foni. Ndi longoganizira, lothandiza kufotokoza malo a kadontho kalikonse.

Panapita zaka zisanu ndi miyezi iwiri kuti ofesiyo ivomere. Pa 14 Novembala 2017 inatulutsa patenti nambala 9,818,803, dzina la katswiri wa kampaniyo, Lee Sang-shin, lili pamwamba. Pofika tsikuli, kayalidwe ka timadontho kamene Samsung imakatcha Diamond Pixel kanali kale m'matumba mwa anthu miyandamiyanda, kuyambira pa Galaxy S4 ya mu 2013 mpaka iPhone X yomwe inali itangolowa m'masitolo kumayambiriro kwa mwezi womwewo.

Patenti ndi mgwirizano wa boma ndi wotulukira luso: iye aulule poyera momwe chinthu chake chimagwirira ntchito, boma limupatse mphamvu yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho kwa zaka 20. Amene amagamula ngati luso likuyenera mphamvu yotereyi, poyamba penipeni, si woweruza wa kukhoti. Ndi wantchito wa boma wokhala pa desiki, wounika mapempho, amene anthu ambiri sadziwa kuti aliko.

Diso lili ndi tsankho

Chithunzi chilichonse cha pa sikirini ndi mulu wa ma pixel. Sikirini ya 1920 ndi 1080 ili ndi ma pixel 2,073,600. Mwa kapangidwe kakale, pixel iliyonse imakhala ndi timadontho titatu toima mondondozana, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo mitundu ina yonse imabadwa posakaniza kuwala kwa titatuti. Pa sikirini yomweyi ndiye kuti timadontho tonse ndi 6,220,800.

Koma diso la munthu silitenga mitundu itatuyi mofanana. Maselo a m'diso omva kuwala kwabuluu ndi ochepa, sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo pakatikati pa diso, pamene timawerengera malemba, palibe pafupifupi ndi limodzi lomwe. Akatswiri a wailesi ya kanema anaziwerengera kalekale: pa kuwala konse kumene diso limaona, mtundu wobiriwira umapereka pafupifupi 59 peresenti, wofiira 30, wabuluu 11 yokha. Bryce Bayer wa ku Kodak anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pa patenti yake ya mu 1976, imene mpaka lero ikuchititsa kuti m'makamera ambiri timaso tobiriwira tichuluke kawiri kuposa tofiira kapena tabuluu.

Amene anaitengera mfundoyi pa sikirini ndi mayi wa ku America, Candice Brown Elliott. Iye anati palibe chifukwa chopatsira pixel iliyonse timadontho tonse titatu pamene diso silingaone kusiyana. Kampani yake ya Clairvoyante inakonza njira yotchedwa PenTile, ndipo Samsung inagula mapatenti ake mu 2008. Pa mafoni a Samsung njirayi imatere: pixel iliyonse ili ndi kadontho kake kobiriwira, koma kofiira ndi kabuluu imabwerekana ndi yoyandikana nayo. Timadontho 6,220,800 tija timatsika kufika pa 4,147,200.

Ogula ena sanaisekerere. Foni ya Nexus One, ya sikirini ya PenTile, itatuluka mu Januwale 2010, anthu a maso akuthwa anadandaula kuti m'mphepete mwa malemba mukuoneka manomano. Samsung inabwerera ku timadontho titatu pa Galaxy S II mu 2011, kenako n'kubwereranso ku PenTile pa Galaxy S III chaka chotsatira. Kuzungulirazungulira kumeneku sikunali kusowa chochita. Kunachokera ku mavuto awiri a mufakitale.

Loyamba ndi lakuti pa sikirini ya OLED kadontho kalikonse kamayaka kokha, ndipo mankhwala otulutsa kuwala kwabuluu amakalamba msanga kuposa anzake. Yankho lake ndi kukakulitsa kadonthoko kuti kasamakakamizidwe kwambiri. Lachiwiri ndi kapangidwe. Mankhwala a mtundu uliwonse amawatenthetsa m'chipinda chopanda mpweya mpaka asanduke nthunzi, nthunziyo n'kudutsa m'timabowo ta chitsulo chopyapyala kwambiri kukamatirira pa galasi. Timabowo tikathithikana, chitsulocho chimafooka ndipo mitundu imalowererana, sikirini n'kutayidwa. Ndiye katswiri amafuna zinthu ziwiri zokokana: timadontho tatikulu, komanso mpata wokwanira pakati pake. Bokosi la Lee linali yankho la mkangano umenewu. Mwana wa Sitandade 5 uja akhoza kukopera chojambulacho, koma sangadziwe chifukwa chake kabuluu kali pakona osati pakati.

Maola 19

Pempho likafika, amayamba n'kuliika m'gulu lake. Maofesi a mapatenti a ku America ndi ku Ulaya ali ndi kaundula mmodzi wa magulu a luso. Zoyendetsera masikirini zili mu G09G, zambiri za masikirini a LCD zili mu G02F, ndipo masiku ano masikirini a OLED ali mu H10K 59, momwe muli kachipinda kapadera ka kayalidwe ka timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Kukhalapo kwa kachipinda koteroko kukuonetsa kuchuluka kwa anthu amene akukanganirana malo ochepa omwewa.

Wounika, amene kawirikawiri amakhala wophunzira za uinjiniya kapena sayansi, ali ndi mafunso angapo, koma ovuta ndi awiri. Kodi chinthuchi n'chatsopanodi, kapena wina anachilemba kale penapake pa dziko lapansi? Ngati n'chatsopano, kodi katswiri wamba wa ntchitoyi, ataika pamodzi zimene zinalipo kale, sakanachipeza mosavuta?

Funso loyamba ndi ntchito yofukula. Zolembedwa kale sizikhala mapatenti a ku America okha. Pa nkhani ya masikirini zambiri zili m'Chijapani, m'Chikoreya ndi m'Chitchaina, zina zili m'mapepala owerengedwa pa misonkhano ya akatswiri, zina m'timabuku tofotokoza katundu wa kampani yomwe inatha kalekale. Ndipo kufufuza mawu pa kompyuta sikuthandiza mokwanira, chifukwa kayalidwe ka timadontho ndi nkhani ya maso. Makampani awiri akhoza kujambula chinthu chimodzi, wina n'kunena kuti ndi bokosi longoganizira, wina n'kunena kuti ndi mizere yopingasa. Wounikayo ayenera kutsegula zojambula chimodzichimodzi.

Funso lachiwiri ndi limene limabala milandu. Khoti lalikulu la America linaikapo mlomo pa 30 Epulo 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex, womwe unali wa chopondera mafuta a galimoto. Linagamula kuti kuphatikiza zinthu zodziwika kale, m'njira yodziwika, n'kupeza zotsatira zimene aliyense akanayembekezera, si luso loyenera patenti. Kwa wounika za ma pixel, chigamulochi chimamupatsa mphamvu komanso mutu. Njira zoyalira timadontho ta mitundu itatu pa galasi si zopanda malire, ndipo chilichonse chimaoneka chophweka munthu akaona kale yankho. Lamulo limamuuza kuti adziike m'chaka chimene pempho linalembedwa n'kuiwala foni imene ili m'thumba mwake.

Zonsezi azichite mwachangu. Akatswiri a malamulo Michael Frakes ndi Melissa Wasserman anapeza kuti wounika wa ku USPTO ankakhala ndi maola pafupifupi 19 pa pempho limodzi, kuyambira kuliwerenga, kufufuza, kulemba makalata mpaka kugamula. Anapezanso kuti wounika akakwezedwa pa ntchito, n'kumapatsidwa nthawi yocheperako pa pempho lililonse, amavomera mapempho ochulukirapo. Mbali inayi kuli maloya a kampani amene sawerengera maola. Zaka zisanu za pempho la Samsung, choncho, sizikutanthauza kuti munthu anakhala zaka zisanu akuyang'ana bokosi. Nthawi yambiri pempho limakhala pa mzere, kapena kalata ili pa ulendo. (Albert Einstein anagwira ntchito yomweyi ku Bern kuyambira 1902 mpaka 1909, ndipo anapeza mpata wolemba mapepala ake otchuka a mu 1905. N'zokayikitsa ngati wounika wa lero angaupeze.)

Kalata yoyamba ya wounika kawirikawiri imakhala yokana. Umu ndi momwe zokambirana zimayambira. Mbali ya patenti imene ili ndi mano ndi ndime zakumapeto zotchedwa ma claim, zimene zimagwira ntchito ya malire a munda. Wopempha amabwera ataloza malire otakata, mwina kulowerera ndi m'munda wa eni. Wounika, monga nyakwawa yodziwa amene analima pati kale, amamuonetsa pamene padutsa khasu la wina. Wopemphayo amabweza malire pang'ono: aonjezera kuti kadontho aka kakhale kakakulu kuposa ako, kapena kuti mawonekedwe ake akhale a makona angapo. Mawu aliwonse oonjezera amachepetsa munda, koma amaulimbitsa.

Ku America kulinso khomo lina. Pempho loyamba lisanatsekedwe, kampani ikhoza kupereka lina lopitiriza, lokhala ndi zojambula zomwezo ndi tsiku loyamba lomwelo, koma ma claim atsopano. Kuchokera ku bokosi la mu 2012 lija, Samsung Display inapezanso patenti 10,854,683 mu 2020 ndi 11,594,578 mu 2023. Lamulo limalola zimenezi. Koma ndi poyenera kunena mosapsatira kuti njirayi imakomera wa ndalama zambiri, popeza amalemba malire ake atsopano ataona kale zimene opikisana naye aika pa msika.

Tsiku ndilo mfumu

Mbiri ya masikirini inaphunzitsa makampani kulemekeza kalendala. Pa 4 Disembala 1970, Martin Schadt ndi Wolfgang Helfrich, akugwira ntchito ku Hoffmann-La Roche mumzinda wa Basel, anapereka pempho ku Switzerland la njira yopotolera kuwala imene inadzakhala maziko a ma LCD a mawotchi ndi makakyuleta. Patangopita miyezi yochepa, mu 1971, James Fergason wa ku Kent, m'chigawo cha Ohio, anapereka lake la luso lomwelo ku America. Pa nthawiyo lamulo la America linkayang'ana amene anayamba kutulukira, osati amene anayamba kufika ku ofesi, ndipo Fergason anapatsidwa patenti mu 1973. Mkangano unatha pamene kampani yake yaing'ono inagwa m'mavuto a ndalama, ufulu wa patentiyo n'kugulitsidwa kwa Roche yemweyo. America inasiya lamulo lakaleli pa 16 Malichi 2013. Tsopano, monga kwina konse, woyamba kupereka pempho ndiye ali patsogolo.

N'chifukwa chake tsiku lofunika kwambiri pa patenti ya Diamond Pixel si la mu 2017 kapena la Seputembala 2012, koma la mu Malichi 2012, pamene pempho loyambirira linaperekedwa ku Korea. Chilichonse cholembedwa poyera tsikulo lisanafike chikhoza kuigwetsa. Cholembedwa pambuyo pake chilibe mphamvu.

Mlandu unayambira kwa okonza mafoni

Kwa zaka zambiri Samsung inalibe mnzake pa masikirini a OLED a mafoni. Kenako kunadzuka makampani a ku China, patsogolo pali BOE ya ku Beijing, imene inakulira pa LCD itagula kampani ya ku Korea ya Hydis mu 2003, ndipo pambuyo pake inayamba kugulitsa ma OLED kwa Apple. Makampaniwa anayesa kulambalala malire a Samsung ndi mayalidwe awoawo. CSOT inatulutsa kamene imakafanizira ndi ngale, Visionox kake inakatcha dzina la mphika wakale wachitchaina wa miyendo. Oikira kumbuyo mapatenti amati umenewu ndiwo ubwino wake, kuti woletsedwa njira imodzi amatulukira ina. Zoona zake n'zakuti njira zina zolambalalira zinkatulutsa malemba osasalala, ndipo ogula a ku China eniake ankazinyoza.

Mu Disembala 2022, Samsung Display inakasuma ku bungwe la America loona za malonda a mayiko la ITC. Chodabwitsa, sinatchule BOE. Inasumira makampani 17 ogulitsa zipangizo zokonzera mafoni, monga MobileSentrix ndi Injured Gadgets, ponena kuti masikirini olowa m'malo mwa osweka amene amaitanitsa kunja akuphwanya mapatenti ake. Okonza mafoni ang'onoang'ono anachita mantha, chifukwa bungwe la ITC silipereka chipukuta misozi. Chida chake ndi kutseka chipata kuti katundu asalowe m'dziko. Aliyense ankadziwa kumene masikiriniwo amachokera, ndipo BOE inalowa mu mlanduwo. Mu 2023 BOE inasumiranso Samsung ku khoti la ku Chongqing, Samsung Display n'kubwezera ku khoti la kum'mawa kwa Texas.

Apa ntchito ya wounika uja inabwereranso pa tebulo. Lamulo la mu 2011 linakhazikitsa njira yoti aliyense apemphe bwalo la akatswiri la mkati mwa USPTO, lotchedwa PTAB, kuti liunikenso patenti yoperekedwa kale. BOE, CSOT, Tianma ndi Visionox, omwe pa msika ndi adani, anagwirana manja mu 2023 kukapempha kuti mapatenti a Samsung afafanizidwe. Zimene wounika mmodzi anafufuza m'maola owerengeka, tsopano magulu a maloya ndi mapulofesa ankazifukula kwa miyezi, akusaka chojambula chilichonse cha chaka cha 2012 chisanafike chokhala ndi kadontho pakati ndi tina m'makona.

Chigamulo cha ITC cha mu Malichi 2025 chinasiya mbali zonse ziwiri zikukanda m'mutu. Bungwelo linapeza kuti mapatenti ena a Samsung anaphwanyidwadi, koma linakana kutseka chipata. Lamulo la mu 1930 limene ITC imagwiritsa ntchito limateteza ntchito za m'dziko la America, ndipo Samsung Display, imene mafakitale ake ali ku Asia, sinakhutiritse bungwelo kuti inaika chuma chokwanira ku America pa luso limeneli. Mlandu wina, wonena kuti BOE inatenga zinsinsi za mufakitale, ndiwo unayenda mokomera Samsung pa chigamulo choyambirira cha mu Julayi 2025. Mu Novembala chaka chomwecho makampani awiriwa anagwirizana kuthetsa milandu yawo.

Wokonza mafoni wa ku Limbe kapena wa mu Malangalanga ku Lilongwe, amene amafunsa kasitomala ngati akufuna orijino kapena kope, sakhudzidwa mwachindunji ndi mapepala a ku Virginia. Patenti imathera pa malire a dziko limene laipereka. Kuti luso litetezedwe kuno, mwini wake ayenera kupempha ku ofesi ya dziko lino kapena kudzera ku ARIPO, bungwe la ku Harare limene limaunika mapempho m'malo mwa mayiko monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe potsatira pangano la mu 1982. Komabe masikirini a pa benchi yake amachokera m'misika ya ku Shenzhen momwe amagulanso makampani a ku America aja, ndipo chimene chaloledwa kapena kuletsedwa kwa mafakitale akuluakulu chimaonekera pa mtengo ndi pa mtundu wa katundu. Sikirini yotchipa imene okonza amaitcha incell ndi LCD yovekedwa pa foni yomwe inabadwa ndi OLED. Mulibe Diamond Pixel, ndipo mtundu wakuda umaoneka wotuwa.

Za Microsoft ndi kompyuta ya mu 1977

Pali nkhani ina yakale ya timadontho tomweti imene imaonetsa kuti "zinalipo kale" si mawu ophweka. Mu Novembala 1998, pa chionetsero cha COMDEX ku Las Vegas, Bill Gates wa ku Microsoft analengeza za ClearType, njira yosalalitsa malemba pa LCD poyatsa kadontho kofiira, kobiriwira ndi kabuluu palokhapalokha m'malo mwa pixel yonse. Pasanapite nthawi, katswiri wa mapulogalamu Steve Gibson anatsutsa kuti nzeruyi si yatsopano, popeza Apple II, kompyuta imene Steve Wozniak anakonza n'kutuluka mu 1977, inkachita zofananako. Ambiri anamukhulupirira. Koma Apple II inkaseweretsa chizindikiro cha mitundu chopita ku wailesi ya kanema. Sinkalamula timadontho tokhala pa malo odziwika pa galasi. Kwa munthu wamba ndi nzeru imodzi. Kwa wounika, amene amayerekeza mawu a claim ndi zolembedwa kale liwu ndi liwu, ndi zinthu ziwiri. Microsoft inapatsidwa mapatenti ake.

Amene anamva kuwawa ndi okonza mapulogalamu aulere. FreeType, pulogalamu yojambula malemba pa Linux, inakhala zaka zambiri itazimitsa mbali imeneyi poopa milandu, mpaka mu 2017 inatulutsa njira yakeyake yolambalala yotchedwa Harmony. Mapatenti a ClearType osefa mitundu anatha mphamvu mu Ogasiti 2019. Pofika pamenepo, Apple inali itasiya kale kusalalitsa malemba mwa njirayi pa macOS Mojave ya mu 2018, chifukwa ma pixel a masikirini ake anali atachepa moti diso silinkafunanso thandizolo. Pa mafoni a Diamond Pixel, ClearType inalibe pogwira n'komwe: imadalira timadontho titatu toima pa mzere, pamene pa Diamond Pixel kofiira ndi kabuluu tili m'makona. Mapatenti atatu a Samsung aja, popeza zaka 20 zimawerengedwa kuchokera pa pempho la mu 2012, adzatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2030.